Seva Yasanduka Bwinja: Chochita Mukadzutsa Gemu Yakale Koma Anthu Osabwera

Uthenga wa mnzanu umafika mofanana nthawi zonse, cha m'ma 9 koloko usiku: "Akulu, ndalowa koma mulibe munthu. Seva yagwa kodi?" Seva, kompyuta yomwe imayendetsa gemu ya pa intaneti, sinagwe ayi. Nyimbo zija zikulira, masitolo a m'tauni ya m'gemumo ali chitsegulire, koma mnzanuyo waima pakati pa msewu yekhayekha ngati wafika pabwinja. Azungulirazungulira mphindi khumi, atuluka, ndipo sabata yamawa dzina lake simulionanso.

Vuto limeneli landisowetsa tulo kwa zaka zingapo kuno ku Mzuzu. Poyamba tinali ndi kaseva kathukathu, komwe tinkayendetsa ndi anzanga pa kompyuta yakale yokhala pansi pa tebulo kwathu ku Chibavi. Kenako tinakatseka, n'kuyamba kusewera ngati gulu pa maseva akuluakulu a anthu akunja. Konseko nthenda yake ndi imodzi, ndipo imabwerera ngati malungo a m'dzinja. Zomwe ndalemba apa ndi za amene wadzutsa yekha dziko lakale la pa intaneti, komanso za amene akungofuna kukokera anzake ku dziko lomwe ena anadzutsa kale.

Kwa amene nkhaniyi ndi yachilendo: pali magemu omwe sasewereka pawekha. Umalowa pa intaneti n'kupeza tauni yathunthu momwe anthu enieni akuyendayenda, kucheza, kugulitsana zinthu. Kampani ikaona kuti phindu lachepa imazimitsa makompyuta ake, dziko lonselo n'kufa tsiku limodzi. Star Wars Galaxies inatsekedwa mu Disembala 2011, City of Heroes mu Novembala 2012. Disney inatseka Toontown Online mu Sepitembala 2013, kenako Club Penguin mu Malichi 2017. Okonda magemuwa anakana kuika maliro. Ena analemba okha mapulogalamu a seva, ena anapeza akale omwe anatuluka mwamseri, n'kudzutsa Toontown Rewritten, SWG Legends ya Star Wars Galaxies, Homecoming ya City of Heroes ndi tina tambirimbiri tomwe mayina ake amadziwa anthu makumi awiri basi. Kudzutsa sevayo ndi ntchito ndithu, koma si kumene kumagwetsa anthu. Amagwa mwezi wachitatu, phokoso la kutsegulira litatha.

Musanatsatse, werengani kaye

Aliyense akaona pa seva pali zii amathamangira pa Facebook kukalengeza. Dikirani. Tsegulani kaundula wa seva, uja amalemba wolowa aliyense ndi nthawi yake, muone zinthu ziwiri: sabata ino alowa anthu angati osiyanasiyana, nanga analipo angati pa nthawi imodzi. Ngati inu si adimini, woyang'anira seva, funsani pa gulu la WhatsApp kuti aliyense anene ola lomwe analowa dzulo. Ife titatero tinachita manyazi. Anthu ankalowa ndithu, kungoti ankaphonyana.

Masamu ake ndi a ku pulayimale. Tiyerekeze muli ndi anthu 40, aliyense amasewera ola limodzi patsiku, nthawi ina iliyonse pakati pa 6 koloko m'mawa ndi 10 koloko usiku. Amenewo ndi maola 16. Gawani 40 ndi 16, mupeza kuti nthawi iliyonse muli anthu awiri kapena atatu. Ndiye kumbukirani kuti maiko amenewa anamangidwira anthu zikwizikwi, ali ndi matauni, mapanga, zilumba ndi zipinda zosawerengeka. Anthu atatu m'dziko lotere ali ngati anthu atatu omwazikana m'nkhalango ya Chikangawa, aliyense akuganiza kuti ali yekha. Tsopano 40 omwewo muwapanikize m'maola awiri, kuyambira 8 mpaka 10 usiku. Nthawi iliyonse muli anthu 20. Simunawonjezere munthu ndi mmodzi yemwe, koma wolowa apeza chipwirikiti.

Mankhwala ake ndi omwe madoda a bawo anawapeza kalekale. Palibe amene amalengeza bawo pa wailesi, koma aliyense amadziwa kuti dzuwa likapendeka, pansi pa mtengo uja papezeka anthu. Ikani tsiku limodzi pa sabata, ola limodzi, malo amodzi m'gemumo, ndipo musamasinthesinthe. Ndikuti limodzi, osati atatu. Ife tinalakwitsa poyamba poika masiku anayi kuti aliyense apeze lomuyenera, mapeto ake tinagawa anthu ochepa kale aja panayi. Tsiku limodzilo likadzaza mpaka anthu kuyamba kudandaula kuti silikukwana, m'pamene muwonjezere lachiwiri.

Posankha tsikulo yang'anani moyo wa kuno, osati kalendala ya pa intaneti. Lachiwiri ndi Lachitatu usiku, nyengo ya Champions League, mwaluza musanayambe. Loweruka ndi la maukwati, zinkhoswe ndi mpira. Lamlungu madzulo anthu akusita zovala za Lolemba. Ife tinakhazikika pa Lachinayi. Inde kuli Europa League, koma amene timu yake ili kumeneko amafuna pothawira.

Tsikulo likafika, inu oyendetsa mulowe mphindi 15 nthawi isanakwane, muime pamalo oonekera. Mlendo ndi mame. Akafika n'kupeza palibe womupatsa moni, pofika inu akhala atapita kale. Ngati mwachoka, siyani wina m'malo mwanu. Sabata imodzi yokha yomwe anthu apeze pabwalo popanda munthu imagumula zomwe mwamanga miyezi iwiri.

Ngati seva ndi yanu, chepetsaninso dzikolo. Magemu ambiri otere amagawa anthu m'magawo angapo ofanana pofuna kuchepetsa kuthithikana, chifukwa anapangidwa nthawi yomwe anthu ankasefukira. Tsekani onse, musiye limodzi. Banki, msika ndi poyambira atsopano muziike moyandikana ngati pulogalamuyo ikulola, kuti wopita kukagula lupanga adutse pomwe ena akucheza.

Kwa amene mumasewera pa maseva akunja, nthawi zambiri bwinja lomwe mukuonalo ndi la wotchi chabe. Malawi ali pa UTC+2 chaka chonse. Ikamakwana 7 koloko madzulo kuno, ku New York ndi 1 koloko masana m'miyezi yawo yotentha, kapena 12 koloko m'miyezi yozizira, anthu ali kuntchito ndi kusukulu. Madzulo awo ndi 2 kapena 3 koloko m'bandakucha kuno. Seva yodzaza ndi anthu a ku America simudzaiona itadzaza pokhapokha mukhale kadzidzi. Funani komwe kuli anthu a ku Ulaya kapena a ku South Africa: Johannesburg ili pa nthawi yofanana ndi yathu, Germany imafanana nafe kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, miyezi inayo imatsalira ndi ola limodzi lokha.

Chomaliza pa nkhani yowerengayi: ngati ambiri mwa anthu anu ndi a ku Mzuni, manambala adzagwa nthawi ya mayeso ndi ya holide, anthu akabwerera kumudzi komwe netiweki imafuna kukwera pachulu. Imeneyo si imfa ya seva. Musasinthe chilichonse, ingosungani Lachinayi lija mpaka abwerere ku Luwinga.

Alowa kamodzi, asangalala, osabweranso

Ili ndi lomwe limapweteka, chifukwa limaoneka ngati zikuyenda. Munthu alowa, amva kanyimbo ka pakhomo kaja, alemba pa gulu kuti "Ambuye, ndakumbuka ubwana wanga!" Atumiza zithunzi. Azungulira malo onse omwe ankawadziwa. Pakatha masiku atatu, zii.

Musamuimbe mlandu, ndipo musaganize kuti seva yanu ili ndi chilema. Kupukwa zakale kumatha msanga ukangofika pamalopo. Amene anapita ku sukulu yake yakale ya sekondale atakula akudziwa: uona kalasi yako, uona pomwe munkalandirira nsima, mtima udumpha, koma pakatha ola ufunsa kuti minibasi yobwerera inyamuka nthawi yanji. Chimene unkapukwa si makoma. Ndi anzako aja, ndi iwe mwini uli ndi zaka 14 wopanda lendi yoti ulipire. Seva imabweza makoma okha.

Nkhani ya Old School RuneScape imandithandiza pamenepa, ngakhale imeneyo inadzutsidwa ndi eni ake a Jagex osati okonda gemu. Mu Febuluwale 2013, pa voti yomwe pomaliza pake anthu oposa 400,000 ananena kuti akuifuna, kampaniyo inatsegulanso gemuyo monga inalili mu Ogasiti 2007. Anthu anakhamukira, kenako anayamba kuchepa, monga zimachitikira kulikonse. Chimene chinaiimika si kusunga zonse monga kale. Anayamba kuwonjezera zatsopano, koma chilichonse chinkayenera kudutsa pa voti ya osewera, ndipo kwa zaka zambiri chinkafunika kuvomerezedwa ndi anthu 75 pa 100 aliwonse. Mu 2015 anatsegula gawo laulere, mu Okutobala 2018 anaibweretsa pa foni. Lero ambiri omwe amaisewera sanaione n'komwe mu 2007.

Pa kagulu ka anthu makumi atatu phunziro lake ndi lomwelo. Munthu asatuluke Lachinayi asakudziwa chomwe chidzachitike Lachinayi linalo. Yambitsani chinthu chosatheka usiku umodzi: nyumba ya gulu yomwe ikufuna zipangizo zoti musonkhanitse milungu inayi, chilombo chomwe chikufuna anthu asanu ndi atatu, mpikisano womwe ma fainolo ake ali kumapeto kwa mwezi. Ndipo aliyense mupatseni kantchito. Wina asunge chuma cha gulu, wina alandire alendo, wina ajambule zithunzi zoika pa sitetasi. Munthu amene akudziwa kuti akajomba ena asowa chochita amabwera ngakhale kunja kukuwaza kamvula kozizira ka mu Juni kaja, zala zikukana kugwira kiyibodi.

Pa zosintha, votani, koma musavote pa chilichonse. Ife tinafika povotera mtundu wa chipewa, anthu n'kutopa. Votani pa zazikulu zokha, ndipo chatsopano chisadutse ndi theka lokha la anthu, chifukwa theka linalo likakwiya n'kuchoka mwabwerera pabwinja. Chenjeraninso ndi yesero lofulumizitsa zonse. Maseva ambiri ang'onoang'ono amachulukitsa mphotho kakhumi kapena kazana kuti akope anthu. Amakopadi, koma munthu akafika pamwamba pa sabata imodzi watha nayo gemuyo. Kuchepetsako pang'ono ntchito yotopetsa n'kwabwino, poti amene ankasewera ali mwana pano ali pantchito ndipo ali ndi ola limodzi lokha. Kuichotseratu n'kuphika mbewu.

Kuno ambiri alibe chopukwa

Apa m'pomwe malangizo ambiri olembedwa kunja amatisocheretsa. Iwo amati kumbutsani anthu ubwana wawo. Ubwana wa ndani? Pamene Club Penguin inkatsegulidwa mu 2005, kapena World of Warcraft mu 2004, ambiri a ife kuno intaneti tinkaionera ku kafe, kulipira pa mphindi, diso lina pa imelo lina pa wotchi. Amene anasewera magemu amenewa ali mwana ndi ochepa: ana a m'nyumba zomwe munali kompyuta ndi intaneti, kapena omwe anakulira kunja. Mukalemba pa Facebook kuti "Mukukumbuka gemu ija? Yabweranso!", mwayankhula ndi anthu asanu mu mzinda wonse.

Zomwe ambiri a msinkhu wathu amapukwa ndi zina: zipinda zochezera za pa Mxit ndi 2go, usiku wonse pa kafoni ka mabatani pansi pa bulangete, kucheza ndi munthu wa ku Zomba yemwe sudzamuona. Mxit inatsekedwa mu 2016. Njala yomwe inasiya ndi yomweyi yomwe maiko akalewa amathetsa: malo omwe umalowa ndi dzina lopeka, n'kupeza anthu omwewo tsiku ndi tsiku, popanda wokuonetsa galimoto yake yatsopano. Ndiye potsatsa musatchule chaka chomwe gemuyo inatuluka. Nenani zomwe munthu apeze: ndi yaulere, imayenda pa laputopu yakale, siidya bandulo, ndipo Lachinayi 8 koloko tilipo anthu akwanu.

Kulengeza kwa gulu lalikulu sikunatipindulire kwenikweni. Chimene chinagwira ndi munthu kubweretsa munthu: mphwanga anabweretsa mnzake wogona naye chipinda chimodzi, uyo anabweretsa msuweni wake wa ku Zolozolo. Wobwera ndi mnzake ali kale ndi womufunsa akasochera. Kamodzi pa miyezi ingapo kumanani maso ndi maso, aliyense ndi laputopu yake, chipisi chili pambali. Usiku umodzi wotero umamanga gulu kuposa mapositala makumi awiri.

Chilankhulo nachonso chili ndi msampha wake. Magemu omwe anapangidwira ana ali ndi sefa ya mawu. Pa Toontown, mawu omwe sali pa mndandanda wololedwa samaoneka kwa ena, amasanduka kulira kwa nyama, choncho "muli bwanji" kapena "muli uli" wanu sadzafika. Maseva ena akunja amalamula Chingerezi chokha pabwalo la onse. Werengani malamulo awo musanathamangitsidwe, ndipo macheza a Chichewa ndi Chitumbuka muwachitire pa foni ya gulu ya WhatsApp kapena pa Discord uku mukusewera. Pa seva yanu, lembani moni wa pakhomo ndi malangizo oyamba m'zilankhulo zathu. Munthu akalowa m'dziko lachilendo n'kuona "Mwalandiridwa, pitani pa chitsime mukapeze anzanu", mapewa amatsika.

Akufuna, koma akukanika kulowa

Funsani aliyense amene analembetsa koma sanalowe kuti anaimira pati. Musafunse kuti "bwanji simunabwere", poti adzakuyankhani mwaulemu kuti anatanganidwa. Funsani kuti "zinakanira pati".

Ambiri amaimira pa kudawuniloda. Magemu akale amadya data yochepa posewera, poti zomwe zimayenda pa netiweki ndi timauthenga ta kuti wayenda, wamenya, wanena chakuti. Cholemera ndi kutenga gemuyo koyamba. Munthu mmodzi adawunilode ndi bandulo ya usiku, ena onse akopere pa fulashi. Ife fulashi yathu inayenda pa kabaza kuchoka ku Katoto mpaka ku Mchengautuwa kangapo konse. Koma fulashiyo ikhale ndi mwini mmodzi, ndipo mafayilo achokere pa tsamba lenileni la sevayo, osati pa linki yomwe wina waponya pa gulu. Magemu odzutsidwa ndi njira yomwe akuba amakonda kubisiramo mavayirasi, chifukwa amadziwa kuti anthu azolowera kuuzidwa kuti "zimitsani antivirus kaye". Fayilo yokayikitsa muiponye pa VirusTotal, tsamba loyeza mavayirasi, musanaitsegule, n'kwaulere.

Wina akadandaula kuti gemu yamudyera bandulo yonse usiku umodzi, kawirikawiri wakuba si gemuyo. Ndi Windows yomwe yaona intaneti n'kuyamba kudzikonza yokha. Pa laputopu, m'zoikamo za Wi-Fi ya foni yomwe mwalumikizayo, yatsani pomwe palembedwa Metered connection, mutsekenso mapulogalamu osunga zithunzi pa intaneti. Vutoli limatha pomwepo.

Ngati gemuyo inali ya m'bulawuza ndipo ikungoonetsa bokosi lopanda kanthu, ndi nkhani ya Flash, pulogalamu yomwe inkayendetsa magemu otere m'bulawuza. Adobe inasiya kuisamalira pa 31 Disembala 2020 ndipo mabulawuza onse akuluakulu anaichotsa. Maseva osamala anasamukira ku HTML5, yomwe mabulawuza amaiyendetsa okha, kapena ali ndi pulogalamu yawoyawo yotsegulira gemuyo. Palinso Ruffle, yomwe imayendetsa zinthu zambiri za Flash popanda Flash yeniyeniyo, ngakhale si zonse. Chimene musachite ndi kuuza anthu kuti aike bulawuza yakale yokhala ndi Flash pa laputopu yomweyo yomwe amalowera ku banki.

Ndiye pali kugwiragwira. Mudina kuti muyende, munthu wanu aima kaye ngati akuganiza. Gawo lina la vutoli silingakonzedwe ndi wina aliyense: kuwala m'chingwe cha fiber kumayenda pafupifupi makilomita 200 pa milisekondi imodzi, ndipo Malawi alibe nyanja ya mchere, choncho uthenga wanu uyenera kudutsa m'maiko oyandikana nawo kukafika ku zingwe za pansi pa nyanja, kenako ku Ulaya, n'kubwereranso. Yesani ndi lamulo la ping, lomwe limaonetsa nthawi yomwe uthenga umatenga kupita ku seva n'kubwerera. Nambala ikakhala yokwera koma yosasinthasintha, ndi mtunda, ndipo magemu ochezera ndi osinthana ulendo amasewereka bwinobwino motero. Ikamadumphadumpha, vuto lili pafupi: netiweki yathithikana madzulo, kapena foni ili pakona yolakwika. Ikani foni pawindo, muilumikize ku laputopu ndi chingwe cha USB m'malo mwa Wi-Fi, imatchajanso pomwepo. Ngati mukubwereka seva, yesani ya ku Johannesburg ndi ya ku Ulaya zonse ziwiri, pa manetiweki onse omwe anthu anu amagwiritsa ntchito, madzulo osati m'mawa. Musangoganiza kuti yapafupi pa mapu ndiyo yachangu, chifukwa njira zomwe makampani amadutsitsa mauthenga nthawi zina zimazungulira modabwitsa.

Za seva ya pansi pa tebulo ndinene mwachidule: musatero. Yathu inkafa magetsi akangothima, ndipo tsiku lina inathima ili mkati molemba, n'kuwononga kaundula wa katundu wa anthu. Tinalibe kope lina. Anthu amakhululuka seva ikagwa, koma sakhululuka kavalo yemwe anamugwirira ntchito mwezi wathunthu akasowa. Kulikonse komwe seva yanu ili, koperani kaundulayo tsiku lililonse kumalo ena, ndipo kamodzi pa mwezi yesani kumubwezeretsa kuti muone ngati kopelo likugwiradi.

Akale akuthamangitsa atsopano

Nthawi zina manambala amaonetsa kuti atsopano akubwera Lachinayi lomwelo, akupeza anthu, koma sabwereranso. Pamenepo pangani akaunti yatsopano mwakachetechete, mulowe ngati mlendo, muone. Mudzapeza akale aja ali pakona, akuseka nthabwala zomwe amazimva okha, wofunsa akuyankhidwa kuti "zimenezo aliyense amadziwa". Kapena wina wamphamvu akupha atsopano pachipata kuti asangalale. Yankhulani nawo kumbali, mmodzimmodzi, monga mungachitire ndi mkulu wa mpingo amene akukhumudwitsa alendo. Amene wakana kumva muchotseni ngakhale akhale woyamba kulowa. Mmodzi wotero amadya khumi.

Pali china cholemera kuposa mwano. Magemu ngati awa amakopa ana, kaya inu munawaitana kaya ayi. Mu Meyi 2020 seva ina yotchedwa Club Penguin Online inatsekedwa BBC itaulula mauthenga olaula ndi atsankho omwe ankayenda pomwe ana ankasewera. Ngati mulibe anthu okwanira oyang'anira macheza, lembani poyera kuti seva ndi ya akuluakulu, ndipo muonetsetse kuti zili chomwecho. Mphamvu za adimini musapatse munthu chifukwa choti amapezeka nthawi zonse. Mupatseni amene mungamusiyire makiyi a nyumba yanu.

Uzaninso aliyense kuti pasiwedi ya pa gemu isafanane ndi ya imelo, Facebook kapena ya ku banki. Club Penguin Rewritten, yomwe inali yaikulu kutalitali kuposa kalikonse komwe tingamange kuno, inaberedwa zinsinsi za maakaunti pafupifupi 4 miliyoni mu 2019. Inuyo oyendetsa musatolere zomwe simukuzifuna. Nambala ya foni, tsiku lobadwa ndi dzina lenileni sizikufunika kuti munthu aphe chinjoka.

Ndalama, ndi eni ake a gemu

Seva yobwereka imalipiridwa mwezi ndi mwezi m'madola kapena ma euro. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense amene amalipira zinthu zakunja anamva kuwawa kwake. Ndiye ganizo limabwera lokha: tigulitse malupanga, tiike zotsatsa malonda, olipira tiwapatse mphamvu. Pamenepo mwaputa mavu awiri. Oyamba ndi osewera anu, poti wopanda ndalama akaona kuti mnzake wagula chomwe iye wachivutikira milungu itatu amachoka osatsazika. Achiwiri ndi eni gemu.

Tisanamizane: gemu yotsekedwa ikadali katundu wa kampani yake, zithunzi, nyimbo ndi mayina omwe. Nostalrius, seva ya World of Warcraft yakale yomwe inakopa anthu ochuluka zedi, inatseka mu Epulo 2016 maloya a Blizzard, eni gemuyo, atailembera kalata, ndipo mu Ogasiti 2019 Blizzard inatulutsa yakeyake, World of Warcraft Classic. Club Penguin Rewritten, yomwe inali itayamba kuonetsa zotsatsa malonda, inatsekedwa mu Epulo 2022 ndi apolisi a City of London, anthu atatu n'kumangidwa. Mbali inayi, Toontown Rewritten salandira ndalama kwa osewera ndipo yakhalapo zaka zoposa khumi. Project 1999 ya EverQuest inagwirizana ndi eni ake mu 2015, ndipo Homecoming inapatsidwa chilolezo ndi eni ake a NCSoft mu Januwale 2024. Kusalandira ndalama si chilolezo, kampani ikhoza kukutsekani tsiku lililonse. Koma mukaona mndandandawu muona nokha mbali yomwe mphezi imakonda kugwa. Ndipo musadalire zoti Mzuzu ndi kutali: kalatayo sipita ku Chibavi, imapita ku kampani yomwe yakubwerekani seva, iyo n'kuzimitsa.

Njira yomwe ndimaiona yoyera ndi ya chipereganyu cha anthu ochepa odziwana, kusonkha pa Airtel Money kapena Mpamba ndalama yokwana lendi ya seva yokha, risiti n'kuikidwa pa gulu kuti aliyense aione, wosonkha osalandira kanthu m'gemumo. Ngati mukufuna mtendere wathunthu, mangani pa gemu yomwe eni ake anaimasula. Luanti, yomwe inkatchedwa Minetest mpaka 2024, ndi yaulere, aliyense ali ndi ufulu woyendetsa seva yake, ndipo imayenda ngakhale pa foni ya Android, chomwe kuno n'chachikulu poti mafoni ndi ochuluka kuposa malaputopu. Siidzakukumbutsani ubwana wa ana akunja, koma taona kale kuti ubwana umenewo ambiri a ife tinalibe.

Zonsezi mukayesa miyezi itatu, Lachinayi n'kumabwerabe anthu anayi okha, samukani. Ife tinatero. Tinalengeza tsiku lotsekera kutatsala milungu iwiri, tinajambula chithunzi tonse titaima pa chitsime cha pakati pa tauni, kenako tinasankha seva yaikulu yokhala ndi anthu a ku Ulaya, n'kulowamo tonse usiku umodzi ndi mayina omwe aja. Gulu la WhatsApp silinasinthe, ola silinasinthe. Kompyuta ya pansi pa tebulo ija ndinapatsa mphwanga, pano amalemberapo ma asainimenti. Lachinayi lapitali magetsi anathima kwathu cha m'ma 7, ndinalowa pa batire ya laputopu itatsala theka, ndipo ndinapeza atatu andidikira kale pa chipata, mmodzi akundifunsa kuti akulu mwachedwa bwanji.